Ng'oma Yopanda Chiuno ya Tenson Daka

Tenson Daka anaimba belu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa sukulu ina ya kufupi ndi Chalimbana, ndipo pa zaka zonsezo sanachedwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Zimenezi ankazinena yekha, poti panalibe wina amene ankaziona ngati nkhani. Belu lakelo linali chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pa mtengo wa mango. Ankaima pansi pake ndi chibawuti m'manja, maso ali pa wotchi, kudikira kuti kamuvi kafike pamwamba penipeni. Mphunzitsi wina akamuuza kuti angoimba basi, mphindi imodzi si kanthu, Tenson ankamuyang'ana ngati wamutukwanira mayi ake.

Makolo ake anachokera ku Petauke iye ali kumsana, napatsidwa malo olima ndi eni nthaka a kuno ku Chongwe. Anakulira pomwepo, anakwatira Nelesi, mkazi wofatsa wa manja akuluakulu, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Juliet. Vuto linali lakuti Tenson akaweruka sankasiya belu kusukulu. Pakhomo pake madzi osamba anali ndi nthawi yake, pemphero nthawi yake, ndipo ngakhale kuseka kunkafunika kuonera kaye nkhope ya mwini nyumba. Juliet anakula akuyenda monyang'ama pakhomo pa bambo ake omubala. Atangomaliza sukulu anathawira kwa azakhali ake ku Lusaka kukaphunzira kusoka, ndipo kumudzi ankabwera ngati mlendo, kugona kamodzi n'kubwerera. Zimenezi zinkamupweteka Tenson, koma sakanavomera ngakhale mutamuika mpeni pakhosi.

Kusukulu kuja kunali limba lakale lopopa ndi mapazi. Mphunzitsi wina wa nyimbo, kaya pomumvera chisoni kaya pofuna kuti amusiye mtendere, anamuphunzitsa kuwerenga manotsi. Kunali kumuonjezera matenda. Kuyambira pamenepo aliyense woimba ng'oma m'dera lonselo anasanduka mbuli. Malinga ndi Tenson, onse ankachedwa. Yoramu, mkulu amene anaimba ng'oma kutchalitchi kwawo kuyambira Juliet asanabadwe, ankachedwa. Azimayi a kwaya ankachedwa. Ovina pa maukwati ankachedwa, ndipo chimene chinkamukwiyitsa kwambiri n'chakuti ankachedwa akusangalala.

Anapuma pa ntchito mu 1993. Anzake opuma nawo anagula ng'ombe zolimira ndi malata. Tenson anakwera minibasi, nabwerako ku Lusaka atakumbatira kiyibodi yakale ndi kabokosi kakuda ka mabatani, zimene anagula kwa anyamata a bandi ina imene inali itatha chifukwa cha ndewu. Kabokosiko kanali makina a ng'oma. Munthu ankagogoda mabataniwo ndi zala, ili ng'oma yaikulu, ili yaing'ono, ili chisekese, ndipo makinawo ankasunga zimene wagogodazo n'kumazibwereza osatopa mpaka batire litatha. Koma chimene chinamugwira mtima Tenson chinali china. M'makinamo munali chowongolera. Ukagogoda mochedwa pang'ono kapena mofulumira pang'ono, icho chinkakoka kugogoda kwakoko n'kukuika pamzere, pamalo pake penipeni. Tenson anachitcha kapitawo, ndipo ankachitchula mwaulemu kuposa mmene ankatchulira abusa.

Kwawoko magetsi kunalibe. Kawiri pa sabata anthu ankamuona akukankha njinga yonyamula batire la galimoto kupita nalo ku Chongwe kukatchajitsa, atavala taye, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Kutchalitchi anakakamira akulu a mpingo kuti aziimba ndi makina ake, mpaka Yoramu anaika ng'oma yake pansi pa benchi. Lamlungu loyamba anthu anadzaza tho kudzaona zachilendo. Patatha mwezi, azimayi amene kale ankagwedezeka mpaka mipango kugwa anali kuimba ataima chilili ngati ali pamzere wa kuchigayo. Palibe amene ankatha kufotokoza chavuta. Nyimbo zinali zomwezo, liwiro lomwelo, koma thupi linkakana. Akulu a mpingo anamupempha mwaulemu kuti makinawo azibwera pa Khirisimasi pokha, ndipo Yoramu anatulutsanso ng'oma yake pansi pa benchi paja.

Pa ukwati wina wa ku Kanakantapa anamuitana kamodzi. Anaimba masana onse, nkhope ili gwa, osazindikira kuti holo ikuphwa. Anthu anali atazembera kuseri kwa khitchini, kumene wina anali atatsegula wailesi ya mabatire ofooka, ndipo kumeneko fumbi linali koboo. Tenson anabwerako akuuza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti anthu a ku Chongwe sanatsegulebe m'maso.

Mu 1996, chimanga chitalowa m'nkhokwe, Juliet anabwera ndi nkhani ya ukwati. Mwamunayo anali Cheelo, mnyamata wa Chitonga wosamala ng'ombe za mkaka ku Palabana. Masiku amenewo ukwati unkayezedwa ndi laini-apu, anyamata ndi atsikana ovala zofanana amene amavina kutsogolo kwa akwati polowa m'holo. Mpunga ukanatha kupserera anthu n'kuiwala, koma laini-apu ikabalalika ankaikamba mpaka mwana woyamba atayamba kuyenda. Wophunzitsa mavinidwe anali Mainess, mayi wojintcha wosabisa mawu, amene anali atalowetsa akwati ambirimbiri m'dera lonselo. Juliet anali atasankha kale kaseti ya rumba, monga ankachitira aliyense.

Apa Tenson anachita chinthu chimene anali asanachitepo chikhalire. Anapempha. Anamupeza mwana wake akuyanika zovala kuseri kwa nyumba, nazungulirazungulira, kukonza chingwe chosafunika kukonza, kenako anatulutsa mawu.

"Juliet, mwana wanga, nifuna ukangene mu holo na nyimbo yanga. Nilibe vambili vokupasa. Ichi chabe."

Juliet anafinyanso malaya amene anali atafinya kale.

"Atate, ni tsiku limodzi chabe, sinizakwatiliwa futi. Ngati ba Mainess bavomela, ni bwino. Ngati bakana tizaika kaseti, ndipo musakakalipe."

Tenson anavomera. Kwa masabata awiri anakhala pakhonde kupeka nyimbo ya mwana wake, ndipo tisamunamizire, nyimboyo inali yabwino. Munthuyu zala anali nazo, khutu anali nalo. Pansi pa nyimboyo anayalapo ng'oma ya m'makina, kapitawo atayang'anira chilichonse, yolunjika ngati mizere ya m'kope.

Laini-apu inkakumana masana pabwalo la nyumba yake, atsikana asanu ndi anyamata asanu, sipika ili pa mpando. Sitepe ya Mainess inali yotere: phazi lamanja liponde, lamanzere likwekwerezeke m'fumbi n'kufika mochedwerako, chiuno n'kutsatira pambuyo. Makina anayamba: gu, ta, gu, ta. Phazi lamanzere lisanafike, ng'oma inali itadutsa kale. Ovinawo ankathamangira kuti aipeze, n'kumapondana zidendene.

"Ba Daka, imikani!" anakuwa Mainess. "Iyi ngoma yanu ni ya masoja. Ilibe chiuno."

"Ba Mainess, makina siyalakwa. Bana banu ndiye bachedwa. Baziwelenga: wani, thuu, fili, folo."

"Ine nabwela kuno kuvina. Ngati mufuna kuwelenga bwelelani ku sukulu, belu yanu ikali pa mtengo."

Tenson anathamangitsa ng'oma, zinaipiratu. Anaichedwetsa, inasanduka nyimbo yoperekezera maliro. Anakweza sipika, ngati kuti vuto linali kusamva. Masana atatu anatha choncho. Lachitatu Mainess anamanga chitenje chake mwamphamvu nanena pamaso pa ana onse kuti, "Pa Chisanu ngati ikali so, nibwela na kaseti." Juliet anangoyang'ana pansi n'kulowa m'nyumba.

Mantha anamugwira Tenson, mantha enieni. Sikuti ankaopa Mainess ayi. Ankaopa kuti mwana wake adzalowa m'holo ndi nyimbo ya anthu a ku Zaire osamudziwa n'komwe, iye atakhala pampando ngati mlendo woitanidwa, ndipo akadzapita ku Palabana sipadzakhala chilichonse cha bambo ake chimene adzachikumbukire mokondwa.

Pa zaka zonsezi Nelesi anali ndi moyo wake kuseri kwa nyumba. Anali ndi ng'ombe ziwiri za mkaka, zimene anaphunzira kusamala pamodzi ndi gulu la azimayi ku Palabana. Tenson ankati ntchitoyo ndi yonunkha, ngakhale tiyi wa mkaka sankamukana. Lachinayi masana Nelesi anachokera kokama, naika ndowa pansi, naima kumbuyo kwa mwamuna wake, amene anali akulimbana ndi mabatani chiyambire m'mawa.

"Atake Juliet, nipaseni niyeseko."

"Imwe? Aya si mabele ya ng'ombe."

Koma nzeru zinali zitamuthera, ndiponso ankafuna woti amuseke kuti mtima utsike. Anasuntha. Nelesi anapukuta manja pa chitenje nagogoda mabatani aja. Makina anabwereza, zowongoka ngati kale.

"Si mwamene naimbila ine," anatero Nelesi.

"Kapitao wakukonzelani. Munachedwa."

"Muuzeni kapitao wanu achokepo."

Tenson anazimitsa chowongolera chija kuti mkaziyo adzimvere yekha manyazi ake. Nelesi anatsinzina nayambanso. Zala zimene zinakama ng'ombe m'mawa ndi madzulo kwa zaka zambiri zinali ndi kayendedwe kakekake. Dzanja lamanzere linkatsika mwamphamvu, lamanja n'kutsatira mofewa, mochedwerako pang'ono, ngati likuzengereza koma osatsalira. Pakati pake anaponyamo timagogodo ta chisekese, ting'onoting'ono, tomveka pokhapokha utatchera khutu. Makina anasunga zonse monga zinalili, n'kuyamba kuzibwereza.

Tenson anatsegula pakamwa kuti anene kuti zapotoka. Asananene anaona Mainess akutulukira m'njira ya m'munda wa chinangwa, ambulera ili m'manja, mapewa akuvina okha mwini wake asanawalole.

"Eeh! Ba Daka, lelo mwaipasa chani?"

Tsiku limenelo laini-apu inayenda myaa. Phazi lamanzere linkafika n'kupeza ng'oma ikulidikira. Tenson anaika nyimbo yake ya pa kiyibodi pamwamba pake, ndipo kwa nthawi yoyamba inamveka ngati nyimbo ya anthu amoyo. Azimayi ochokera kumjigo anatula zidebe panjira. Juliet anavina kumbuyo kwa mzere mpaka kumapeto kwa bwalo, kenako anathamanga nagwira dzanja la bambo ake ndi manja ake awiri.

"Atate, zikomo. Nizangena na iyi."

Tenson sanakumbuke tsiku lina limene mwanayo anamugwira dzanja osauzidwa. Anasangalala kwambiri, mpaka m'maso munalengeza misozi. Anasangalala moti anaiwala kutchula kuti ng'omayo anagogoda ndi munthu wina. Nelesi sanamukumbutse. Ananyamula ndowa yake kukasefa mkaka.

Munthu wina akanasiyira pomwepo, n'kuphimba makinawo ndi nsalu mpaka tsiku la ukwati. Koma Tenson sanali munthu wina. Zinthu ziwiri zinayamba kumudya. Choyamba, Mainess sanali mwana. Anamufunsa Nelesi pambali, ndipo pofika Lamlungu ngakhale ogulitsa tomato pamsewu ankakamba za ng'oma ya amake Juliet. Chachiwiri chinali kawindo ka pa makina paja, kamene kankaonetsa manambala a malo amene kugogoda kulikonse kwagwera. Manambala a Tenson nthawi zonse ankakhala osalala, otalikirana mofanana. Manambala a Nelesi anali okhotakhota, ili lapitirira, ili laperewera, ndipo palibe awiri ofanana. Akawayang'ana ankamva ngati walowa mwala m'nsapato.

Ndiye anakhala pansi n'kuganiza, ndipo zimene anaganiza ndi izi. Anthu akonda kayalidwe ka ng'omayo, pamene pagwera yaikulu ndi pamene pagwera chisekese. Kuchedwako ndi chilema chabe chimene akungochipirira poti sadziwa. Akachotsa chilemacho ng'omayo idzakoma kawiri, ndipo idzakhala yake, chifukwa womaliza kuikonza adzakhala iye. Kupusa kotere sikupezeka ndi munthu wamba, kumafuna munthu wowerenga manotsi.

Loweruka la ukwati m'mawa, asanapite kutchalitchi, anakweza zipangizo zake pa ngolo kupita nazo ku holo. Anaziika bwinobwino pa thebulo la pafupi ndi khomo, nalumikiza mawaya ku batire. Anayang'ana uku ndi uku. Azimayi ophika anali panja, otanganidwa ndi nkhuku. Anadzutsa kapitawo namulamula kuti awongole ng'oma yonse. Makinawo, poti anali ndi nzeru kuposa mwini wake, anayamba afunsa pa kawindo paja ngati watsimikiza, chifukwa zikawongoka sizibwereranso. Tenson anatsimikiza. Anamvetsera motsitsa, mutu utapendekeka. Inali yoyera, yolunjika, yopanda banga. Anawongola taye n'kupita kukapereka mwana wake kuguwa, mtima uli m'malo.

Masana holo inadzaza. Abale a ku Petauke anakhala mbali iyi, abale a Cheelo ochokera ku Monze mbali iyo, ana atakangamira m'mawindo. Nelesi anali kutsogolo pakati pa asewere ake, atavala chitenje chatsopano. Laini-apu inandanda pakhomo, atsikana m'madiresi a pinki, anyamata m'malaya oyera. Mainess anakweza dzanja. Tenson anadina batani.

Gu, ta, gu, ta.

Mtsikana wotsogolera anaponda, nakwekwereza phazi monga anaphunzirira, koma ng'oma inali itamusiya. Anathamangira, nagundana ndi mnyamata wake. Wa pambuyo pake anamuponda nsapato mpaka kuvuka. Mzere wonse unapindika ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe. Mainess anatembenuka namuyang'ana Tenson, ndipo m'maso mwakemo munalibe funso, anali atadziwa kale. Anabweza ana ake pakhomo, nayambitsanso. Zinali zomwezo. Ku mbali ya ku Monze wina anaseka, mnzake namugwira pakamwa, koma kuseka kunali kutayamba kale kuyenda m'mabenchi.

Thukuta linatsika m'khosi mwa Tenson. Anayesa kugogoda yekha pamwamba pa makinawo, kuchedwa dala monga anachitira mkazi wake, koma zala zinakana. Zinkagwera pamzere zokha. Anayang'ana kwa Nelesi. Mayi wa mkwatibwi sakanadzuka pakati pa asewere ake n'kudutsa holo yonse kukagogoda mabatani, ndipo Nelesi anali ataphimba nkhope ndi chitenje chifukwa cha manyazi. Chanzeru chinali kuzimitsa n'kupepesa. Tenson sanazimitse. Ankayembekezabe kuti anawo azolowera, kuti kachitatu aipeza.

Mkwatibwi wolangidwa bwino amalowa m'holo ataweramitsa nkhope, osaseka, osalankhula, kuti akuchimuna aone kuti wachokera pakhomo pa anthu. Alangizi anali atamuuza Juliet zimenezi sabata yonse. Anali ataima pakhomo m'diresi loyera limene anasoka yekha, Cheelo ali pambali pake, akumva anthu akuseka ukwati wake. Anadikira mpaka laini-apu itapondana kachitatu. Kenako anadzutsa mutu pamaso pa apongozi ake onse.

"Atate, zimyani."

Sanakuwe, koma holo yonse inamva. Azakhali a Cheelo anayang'anizana. Tenson anawerama, nachotsa waya pa batire, ndipo m'holo munangoti zii.

Mainess ndiye anawomba m'manja, kamodzi mwamphamvu, kachiwiri mofewa. Azimayi a ku Petauke anamuyankha. A ku Monze analowamo ndi kawombedwe kawo, wina anayambitsa nyimbo ya ukwati, wina nayamba kumenya thebulo ndi zikhatho. Mtsikana wotsogolera anavala nsapato yake, naponda, ndipo mzere wonse unadzuka kumutsatira. Nelesi anavundukula nkhope, naimirira, naimba nthungululu. Juliet anaweramitsanso mutu n'kuyamba kulowa, misozi ikugwera pa maluwa a m'manja mwake. Anadutsa pafupi kwambiri ndi thebulo la bambo ake, moti diresi lake linakhudza mwendo wa thebulolo. Sanacheuke.

Tenson anatsala chiimire, waya uli m'manja. Zinamuwawa kuposa chilichonse chimene chinamuwawapo, ndipo panalibe woti amuloze chala koma iye mwini. Komabe khutu lake silinasiye ntchito. Anawerengera chamumtima kuwomba kwa azimayi aja, napeza kuti kuwomba kwachiwiri kulikonse kunkafika mochedwa pang'ono. Sanalakwitse, ankachedwadi. Anatembenuka kuti auze wina, koma onse anali atatsatira mwana wake kutsogolo.